Anyamata anaimbira mluzu wakupha, azakhali anatuluka: kodi sewero langa lalakwika?

Funso la lero lachokera kwa mtsikana wina wa ku Chilenje, kuno ku Lusaka. Ndalifupikitsa pang'ono.

"Ine ndi anzanga tajambula gawo loyamba la sewero la pa TV, la mphindi 42. Nkhani yake ndi ya woyendetsa takisi amene amanyamula akazi ofika kutada pa Intercity, siteshoni ya mabasi a maulendo ataliatali, n'kukawapha mmodzimmodzi, ndipo wapolisi wina wamkazi akumusaka. Tisanapite nalo kwa eni ma TV tinaitana abale ndi anansi pafupifupi 30 n'kuwaonetsa pachipupa cha nyumba. Zimene zinachitika zandibalalitsa mutu. Azakhali anga ananyamuka pa mphindi ya 6, pamene mkazi woyamba akufinyidwa pakhosi, ndipo sanabwerenso. Anyamata ankaimba mluzu wakuphayo akangoonekera, atsikana ena akuti ndi wooneka bwino, asagwidwe. Abambo ena amene kale anali apolisi anangoseka, akuti apolisi sagwira ntchito choncho. Mkulu wa mpingo akuti tikuphunzitsa ana kupha. Ena akuti pakati pake m'potopetsa. Mnzanga mmodzi akuti chichokereni tsikulo akuopa kukwera takisi ndipo tulo sakupeza. Chimene onse anakonda ndi pothera pokha, pamene anthu a m'komboni ayamba kukayikira mlendo wochokera kudziko lina amene ali ndi kantemba ndi firiji yaikulu. Kodi ndichotse magazi? Ndilembenso zonse? Kapena ndingosiya?"

Musasiye, mwana wanga. Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikulemba ndi kuwongolera masewero a pa wailesi ndi pa TV, gawo loyamba limene limandichititsa mantha ndi lija limene anthu akatha kuonera amangoti "zili bwino, mwayesetsa," kenaka n'kufunsa ngati kuli zakumwa. Lanu lawakanganitsa anthu. Wina watuluka, wina waseka, wina sakugona. Ndiye kuti muli kanthu kamoyo m'menemo, ndipo ntchito yatsala ndi yokonza, si yogwetsa.

Koma mumve bwino za oonera. Oonera ali ngati wodwala: akakuuzani pamene pakupweteka mumukhulupirire, akayamba kukuuzani mankhwala mumvere mwaulemu basi. Azakhali akati "chotsani magazi," chimene ndikumva ine n'chakuti pa mphindi ya 6 pali vuto. Kaya vutolo ndi magazi kapena ndi china, imeneyo ndi ntchito yanu kufufuza. Kumbukiraninso kuti munaitana anthu okudziwani, ndipo munawaika pamodzi, achikulire ndi achinyamata, amuna ndi akazi. Pagulu lotere munthu saonera yekha, amaoneranso anzake. Mnyamata wokhala pafupi ndi atsikana sangalole kuti aoneke kuti wachita mantha, choncho amaimba mluzu. Mayi wamkulu sangakhale phee akuonera mkazi akuchitidwa nkhanza pamaso pa ana amene iye anawabereka kumsana. Theka la zimene munaona usiku umenewo ndi za pabwalo lanulo, osati za sewero.

Theka linalo ndi lanu ndithu, ndipo ndiyambe ndi mluzu uja, chifukwa ndi umene ukundiuza zambiri. Ndisanaone n'komwe sewerolo ndikhoza kulota mmene munalijambulira. Kamera imayamba ndi woyendetsa takisi. Tikumuona akupukuta galimoto, akusankha malo oima, akumwetulira. Ali ndi chimene akufuna ndipo akudziwa kuchipeza. Nyimbo yabwino kwambiri munaiika pa iye, mawu okoma onse munamupatsa iye, wosewera waluso kuposa onse munamupatsa mbali imeneyi. Nanga mkazi uja? Akutsika basi, akukwera takisi, akukuwa, wafa. Mtima wa woonera umamamatira kwa munthu amene wakhala naye nthawi yaitali ndiponso amene akuoneka kuti ntchito yake amaidziwa, kaya ntchitoyo ndi yoipa chotani. Si kuti anyamata a ku Chilenje ndi ouma mitima kuposa ena. Opanga sewero la Dexter ku America, limene linayamba mu 2006, anachita zimenezi mwadala: wakuphayo ndiye amatifotokozera nkhani ndi mawu ake, ndipo anamupanga kuti azipha zigawenga zinzake, kuti woonera apeze pobisala. Kumayambiriro kwa 2019 Penn Badgley, amene ankasewera wakupha mu sewero la You, anachita kumayankha atsikana pa Twitter kuwakumbutsa kuti munthu amene akumusirirayo ndi wakupha anthu. Amenewo ndi akatswiri a ndalama zankhaninkhani, koma zinawaonekeranso.

Yesani izi. Imbirani anthu khumi mwa amene anaonera, muwafunse funso limodzi: mkazi amene anafa uja dzina lake anali ndani? Ngati oposa awiri akumbukira, ndiye kuti ndanama. Ngati palibe, mwapeza pamene pali nthenda, ndipo ndi pomwepo pamene azakhali ananyamukira. Imfa ya munthu amene sitikumudziwa, yojambulidwa pafupi ndiponso motalika, imangokhala chionetsero cha nkhanza. Ena amasangalala nacho, ena amanyansidwa nacho, koma palibe amene amalira.

Mupatseni mkaziyo mphindi khumi zoyambirira. Tiyeni tinene kuti wachokera ku Chipata, ulendo wa makilomita oposa 550 pa Great East Road, wakhala tsiku lonse m'basi ndi thumba la nshawa pansi pa miyendo ndi nsomba zouma zimene wagula pa mlatho wa Luangwa, zokulunga m'nyuzipepala. Foni yake yatsala pang'ono kuzima, wabwereka ya mayi wokhala naye pampando kuti auze mkulu wake wa ku Mtendere kuti basi yachedwa. Ku Mtendereko mkulu wakeyo wavundikira nsima ndi mbale, wayala mphasa, akukalipira ana kuti asadye ndiwo za mlendo. Mtsikanayo atsika pa Intercity, anyamata oitanira anthu akumukoka chikwama uku ndi uku, ndipo pakati pa phokoso lonselo pali bambo mmodzi yekha waulemu amene akuti, "Mlongo wanga, mwatopa, bweretsani katunduyo." Woonera akafika pamenepo mtima uli m'mwamba, chifukwa iye akudziwa chimene mtsikanayo sakudziwa. Chitseko cha takisi chikatsekeka, dulani. Bwererani ku Mtendere, mkulu wake akuimba foni kachisanu, nsima yazizira. Simunaonetse dontho la magazi, koma sindikhulupirira kuti pali mnyamata amene angaimbe mluzu.

Ndipo maliro musawadumphe. Masewero ambiri akunja amachoka pa mtembo n'kuthamangira kwa wapolisi, chifukwa kwawoko maliro ndi a ola limodzi. Kwathu kuno maliro ndi tenti pabwalo, mipando yotulutsidwa panja, amayi ogona pansi m'nyumba, mkangano wa ndalama zonyamulira mtembo kubwerera kumudzi, amalume ofunsa kuti anamulola ndani kuyenda yekha. Chuma chimenechi olemba akunja alibe. Wakuphayo naye muchepetseni. Anthu otere, akagwidwa n'kuimikidwa m'khoti, kawirikawiri amaoneka anthu wamba omvetsa manyazi, amabodza, odzimvera chisoni. Muonetseni akunamiza mkazi wake za ndalama ya mafuta, akunjenjemera pa rodibuloko.

Za azakhali pali chinanso. Kodi ali ndi zaka zingati? Ngati anali mu Lusaka mu 1980, nkhani yanu si yopeka kwa iwo. Chaka chimenecho akazi ndi atsikana oposa 20 anaphedwa mumzinda muno mofinyidwa pakhosi, ambiri a iwo alendo ofika kumene m'tauni, ndipo manyuzipepala anamutcha wakuphayo Lusaka Strangler. Msilikali wina, Milton Sipalo, anagwidwa pomuganizira koma anafa asanaweruzidwe. Amayi amene anali atsikana nthawi imeneyo amakumbukira mmene makolo ankawaletsera kutuluka dzuwa likalowa. Pitani mukacheze nawo azakhaliwo panokha, musakawafunse za sewero, mukawafunse za chaka chimenecho. Mwina mukabwerako ndi gawo lachiwiri lathunthu.

Tsono magazi muchotse kapena ayi? Chepetsani kwambiri, koma osati chifukwa choopa anthu. Magazi ojambula bwino amadya ndalama, ojambula moipa amaseketsa, ndipo chimene woonera akudzijambulira m'mutu chimaopsa kuposa chimene inu mungakwanitse ndi utoto wofiira. Palinso za msika. M'dziko muno muli Independent Broadcasting Authority, bungwe loyang'anira mawailesi ndi ma TV lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2002, ndipo wa TV aliyense, kaya ndi ZNBC, Muvi TV kapena Zambezi Magic, ali ndi malire ake a zimene angaonetse ndi nthawi imene angazionetse. Musanajambule gawo lachiwiri, pitani mukafunse amene amagula masewero kumeneko kuti sewero lotere angaliike nthawi yanji ndi pa msinkhu wanji. Kudula chithunzi pa kompyuta n'kosavuta, koma ngati nkhani yonse yatsamira pa chithunzi chimene iwo sangaonetse, mudzalira.

Mkulu wa mpingo musamunyoze, ngakhale kuti sindigwirizana naye kwenikweni. Akatswiri a maganizo a anthu akhala akutsutsana kwa zaka zambiri za mmene nkhanza za pa TV zimakhudzira khalidwe, makamaka la ana, koma palibe amene wasonyeza kuti sewero limasandutsa munthu wabwinobwino kukhala wopha anthu motsatizana. Anthu mamiliyoni amaonera masewero otere n'kukagona, m'mawa n'kupita kuntchito. Pamene mkuluyo ali ndi mfundo ndi pawiri. Ili si sewero la ana, ndipo m'nyumba zathu zambiri TV ndi imodzi, ili pabalaza, ana amagona pomwepo. Komanso palibe chifukwa choonetsera mwatsatanetsatane njira yophera kapena yobisira umboni. Nkhani siluza kanthu mukasiya zimenezo.

Chimene masewero otere amachita kawirikawiri si kuphunzitsa kupha koma kukulitsa mantha. George Gerbner, katswiri wa ku America amene anayamba kufufuza za TV m'ma 1960 ndi m'ma 1970, anaona kuti anthu oonera nkhanza zambiri amayamba kuganiza kuti dziko ndi loopsa kuposa mmene lilili. Mnzanu wosagonayo ali pamenepo. Masiku atatu, sabata imodzi, akuyang'ana kawiri nkhope ya dalaivala, zimenezo zimatha zokha, ndipo mkazi woyenda yekha usiku kutumiza nambala ya galimoto kwa m'bale wake si misala ayi. Koma mukhale naye pafupi. Ngati papita milungu itatu kapena inayi akulotabe zoopsa, akulephera kupita kuntchito chifukwa cha mayendedwe, mtima ukumugunda akangomva chitseko cha galimoto, ndiye kuti mwina sewerolo lakhudza bala lakale limene sanakuuzeni. Musamukakamize kuulula. Muperekezeni kwa mlangizi wa pakiliniki, kapena aimbe 933, nambala yaulere ya Lifeline, bungwe lopereka uphungu pafoni. Ya ana ndi 116. Zikakula, ku chipatala cha Chainama kuli madokotala a zimenezi, ndipo kupita kumeneko sikutanthauza kuti munthu wapenga. Ngati n'zoti wina anamuchitadi nkhanza, ku polisi kuli Victim Support Unit. Mumufunsenso mtsikana amene anasewera mbali ya wophedwa uja kuti ali bwanji. Kugwidwa pakhosi kambirimbiri mpaka kamera ikhutire si chinthu chopepuka, ndipo osewera achichepere sadandaula poopa kuti sadzaitanidwanso.

Abambo amene anali apolisi aja ndiwo mphatso yanu. Kuseka kwawo kukupwetekani, koma agulireni chakumwa, mukhale nawo ndi kope. Ndikukayika kuti wapolisi wanu wamkazi mwamutengera ku masewero akunja: afika yekha pamalo a ngozi, ayang'ana pansi, atola tsitsi limodzi, pofika madzulo kompyuta yamuuza dzina. Afunseni abambowo kuti lipoti limalowa bwanji m'buku la pa kauntala, doketi (fayilo ya mlandu) imatsegulidwa liti, a CID (apolisi ofufuza milandu) amaitanidwa ndi ndani, mtembo umafika bwanji ku motchale ya ku chipatala chachikulu cha UTH, achibale amadikira chiyani dokotala asanaupime. Afunseni kuti zimatenga nthawi yotani kuti apolisi a ku Woodlands adziwe kuti a ku Matero ali ndi mlandu wofanana ndi wawo. Kuchedwa kumeneko ndiko nkhani yanu, chifukwa wakupha motsatizana amapulumukira m'mipata ya pakati pa maofesi. Kutsogoloku mukadzafika kukhoti, kumbukirani kuti mlandu wakupha umaweruzidwa ku High Court, ndipo chilango cha imfa chinathetsedwa m'dziko muno mu December 2022. Ngati nkhani yanu ikuchitika lero, munthu wanuyo akupita ku ndende ya Mukobeko, osati pachingwe.

Zoti pakati m'potopetsa sizindidetsa nkhawa. Mwaulula wakupha poyambirira, choncho funso lakuti "ndani" lafa, latsala lakuti "adzamupeza liti, ndipo afa ndani asanamupeze." Ngati pakatipo wapolisi akungofufuza chimene ife tikudziwa kale, tidzayasamula. Muikeni pafupi ndi wakuphayo iye osadziwa, mwina ndi takisi imene imanyamula mwana wake kusukulu, ndipo mudule mphindi zisanu.

Tsopano ndifike pa chimene chandipangitsa kuyankha kalata yanu msanga. Mwati onse anakonda pothera, pamene komboni yayamba kuloza chala mlendo wa kantemba ndi firiji. Pa zonse zimene mwalemba, chimenechi ndicho chikundiopsa. Mwina munali wamng'ono mu 2016. M'mwezi wa March ndi April chaka chimenecho mitembo ya anthu inapezeka cha ku George, Zingalume ndi Lilanda itachotsedwa ziwalo. Mphekesera inayenda yakuti eni mashopu ochokera ku Rwanda ndiwo akuchita zimenezi kuti malonda aziyenda. Pa 18 April chipolowe chinabuka, mashopu oposa 60 anaphwasulidwa, ku Kanyama anthu awiri anatenthedwa amoyo, ndipo onse awiri anali a Zambia. Mabanja ambiri a othawa kwawo anakabisala ku tchalitchi cha St Ignatius. Amene apolisi anadzawagwira pambuyo pake pa mlandu wa mitembo ija sanali alendo. Mu 2020, nthawi ya mphekesera za anthu othira gasi m'nyumba, zimene zinayambira ku Chingola, magulu a anthu anaphanso anthu ambiri osalakwa pongowakayikira. Oonera anu anakonda pothera paja chifukwa mwawapatsa nkhani imene ili kale m'mitima mwawo, ndipo anagwedeza mutu kuti "eya, ndi omwewo."

Ndikudziwa chimene mukufuna kuchita. Mukufuna kusocheretsa oonera, kenaka mu gawo lachitatu kapena lachinayi muonetse kuti mlendoyo ndi wosalakwa. Vuto n'lakuti masiku ano sewero siliyenda lathunthu. Wina adzadula masekondi 40 a mayi akuloza firiji, adzaika pa WhatsApp kapena pa TikTok popanda dzina la sewero, pofika mawa kachidutswako kali ku Chawama ndi mawu akuti "zachitika dzulo." Gawo lachinayi silidzafika kumeneko. Sindikuti muchotse nkhani ya mphekesera, chifukwa ndi mbali yoona kwambiri ya mmene mzinda wathu umachitira ukagwidwa ndi mantha, ndipo palibe sewero lakunja limene lingaifotokoze ngati inu. Koma itembenuzeni. Woonera amudziwe mwini kantembayo kuyambira pachiyambi, amuone akukongoza shuga kwa mayi yemweyo amene adzamuloze chala, adziwe kuti m'firijimo muli nkhuku ndi ma freezit. Musatchule dziko limene wachokera. Gulu likayamba kusonkhana pakhomo pake, kamera ikhale mkati mwa kantemba pamodzi ndi ana ake, osati kunja pamodzi ndi onyamula miyala. Ndipo gawolo lisathere pamenepo.

Chenjezo lomweli ndi la pojambula. Musadzayerekeze kugoneka munthu m'ngalande atapakidwa utoto wofiira, kapena kukokera mtsikana wokuwa m'galimoto pamsewu, osauza apolisi a m'deralo ndi atsogoleri a m'komboni. Anthu odutsa saona kamera, amaona chigawenga, ndipo wosewera wanu akhoza kumenyedwa musanafotokoze. Pa Intercity pamafunika chilolezo cha khonsolo. Nambala ya takisi, nambala za foni ndi dzina la kampani ya mabasi zikhale zopeka, chifukwa galimoto yobwerekayo ili ndi mwini wake amene mawa akufuna makasitomala.

Mukakonza, yesaninso, koma mwanjira ina. Pezani anthu osakudziwani, asanu kapena asanu ndi mmodzi pa gulu, akazi paokha, anyamata paokha, achikulire paokha. Inu musakhale kutsogolo, mukhale pambali muziyang'ana nkhope zawo, muzilemba mphindi imene wina watulutsa foni. Likatha, aliyense alembe papepala asanayambe kukambirana, chifukwa pagulu wolankhula woyamba amatenga anzake onse. Musawafunse ngati alikonda. Afunseni dzina la wophedwa, amene akumudera nkhawa, ndi chimene akuganiza kuti chichitika sabata yamawa.

Loya mudzamufune pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi ngati mungaganize zotenga mlandu weniweni, kaya wa 1980, wa 2016, kapena wa abale atatu a Mailoni a ku chigwa cha Luano, amene ankasakidwa pa milandu yopha anthu ndipo asilikali anawapha mu 2013. Achibale a anthu amene anafa alipo, ena mumakwera nawo minibasi. Netflix itatulutsa sewero la Jeffrey Dahmer mu September 2022, achibale ena a anthu 17 amene iye anapha anadandaula poyera kuti palibe anawafunsa, anangodziona akuseweredwa pa TV. Ku America kuli kutali ndi kwakukulu. Kuno munthu wotere adzakupezani pamaliro. Chachiwiri ndi pangano. Inu ndi anzanuwo lembani tsopano, ndalama isanaoneke, kuti nkhani ndi ya ndani, zithunzi ndi za ndani, nyimbo munazitenga kwa ndani, ndipo aliyense woonekera pa kamera asaine pepala lovomera. Wa TV aliyense wodalirika adzakufunsani mapepala amenewa asanakufunseni za gawo lachiwiri.